Zala Zitatu Pamwamba pa Chitseko

Limbani ndi Tadala, mwakhala mukundiuza kuti ndilembe za ntchito yanga. Za ku Limbe ndinalemba kale m'kope lina, mmene ndinayambira kuwotcherera zitsulo za m'mawindo nditalephera mayeso a Sitandade 8. Muno ndilemba za zitseko za galaja. Limbani, uwerenge mokweza kuti mlongo wako amve, poti Chichewa amamva koma kuwerenga kumamuvuta. Mwati mubwera Loweruka kudzalongedza katundu wa m'nyumba muno ndisanasamukire ku kafulati kaja. Muwerenge mpaka kumapeto musanakhudze chilichonse.

Chaka choyamba, Beaumont Leys

Amayi anu ndiwo anayamba kubwera ku Leicester. Anapeza ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Ine ndinatsatira ndi Limbani ali ndi zaka zinayi, tinkakhala dera la Beaumont Leys. Miyezi isanu ndinkatsuka magalimoto, manja ali gwa ndi kuzizira. Kenako munthu wina wa ku tchalitchi anandiuza za kampani yaing'ono yoika zitseko za galaja. Mwini wake anali mzungu wamfupi, wosuta kwambiri. Dzina lake ndingoti Bwana Ken. Sanafunse satifiketi. Anandipatsa bulaketi yopindika nati ndiiwongole. Ndinaiwongola. Anati ndibwere Lolemba.

Ntchito yake ndi iyi. Chitseko cha galaja chimakwera pa njanji za m'mbali, chikafika pamwamba chimakhota n'kugona pansi pa siling'i. Pokhota pamenepo mutu wa chitseko umatumphuka pang'ono. Munthu akafuna kuti chizitseguka chokha, timaika mota. Mota ili ndi njanji yakeyake yaitali, yodutsa pakati, pamwamba pa chitseko. Njanji imeneyo imafuna malo. Anzanga ankayeza ndi tepi, ine ndinkayeza ndi dzanja. Pakati pa mutu wa chitseko ndi siling'i pakalowa zala zitatu, mota ilowa. Zikalowa ziwiri, pali vuto. Nyumba zakale za kuno, zija zogundana ziwiriziwiri, galaja anaimanga pansi pa chipinda chogona, ndipo siling'i yake ndi yotsika. Zambiri zinali za zala ziwiri. Zina chala chimodzi.

Njira yoyenera ilipo. Pali zitsulo zapadera zopangira malo otsika. Mbali iliyonse mumaika njanji ziwiri, ina pamwamba pa inzake. Kagudumu ka pamwamba penipeni pa chitseko kamayenda m'njanji yakeyake, ndiye mutu wa chitseko sutumphuka, umangogona nthawi yomweyo. Sipuling'i mumaichotsa kutsogolo n'kuipititsa kumbuyo kwa galaja. Mukatero zala zitatu zija zimapezeka. Koma zitsulo zimenezo zinkachokera kunja, zinkatenga masabata kuti zifike, ndipo kuziika kumadya tsiku lathunthu. Bwana Ken ankafuna zitseko zitatu pa tsiku.

Sabata yachiwiri anandionetsa njira yake. Anakwera pa makwerero, najambula mizere iwiri pa siling'i, natenga macheka amagetsi n'kudula ngalande m'bolodi la siling'iyo, kuyambira pakhomo mpaka pakati pa galaja. Njanji ya mota inalowa m'ngalandemo ngati inabadwira momwemo. Zonse mphindi makumi awiri. Bolodilo linali lotuwa, lofewa, ndipo fumbi lake linkagwa ngati ufa m'chigayo. Anatsika ali mbuu, akuseka, nati m'Chingerezi, "Waona? Palibe siling'i yotsika kwa munthu wa macheka." Kenako anandipatsa katoni ya maovololo oyera, opepuka ngati pepala, okhala ndi chipewa chake. Anati, "Uzivala podula. Ukamaliza uzitaya." Sananene chifukwa. Ine sindinafunse. Ndinkayesa n'zoti mipando ya vani isade.

Chaka chachiwiri mpaka chachisanu

Kutaya ndiye kunandikanika. Ovololo yatsopano, zipi yake yabwinobwino, yovala mphindi makumi awiri basi. Ku Limbe ovololo imodzi ndinavala zaka zinayi, chigamba pa chigamba. Choncho ndinkaipinda n'kuiika m'chikwama changa cha chakudya. Tsiku loyamba amayi anu anaitulutsa akufuna mbale.

"Bambo a Limbani, iyi ndi yani?"

"Ya ku ntchito. Akuti tizitaya."

"Kutaya? Anthu awa sanasowepo kanthu. Bweretsani kuno."

Anayesa kuichapa m'makina, inatuluka itang'ambika. Ndiye anapeza njira yawo. Ankaima pakhomo la kuseri n'kuikung'untha mwamphamvu, kenako n'kuipukuta ndi bulashi ya nsapato, mkati ndi kunja, n'kuipinda mmene ankapindira malaya anga a ku tchalitchi. Ina ndinkaivalanso kawiri, katatu. Zooneka bwino ankazisunga m'sutikesi yabuluu. Ankati ndi za alongo awo a ku Balaka, amene ankapopera mankhwala m'munda wa thonje atavala kabudula yekha. Ankadikira munthu wopita kumudzi amene ali ndi malo m'katundu. Malo sankapezeka. Aliyense wopita ankanyamula nsapato ndi mafoni. Sutikesi inkangodzaza.

Tadala, iwe unabadwa chaka chachiwiri chimenecho. Masiku amene amayi ako sanali pa shifiti, ankakung'untha maovololo ali nawe kumsana. Limbani, iwe unkasewera mpira pakabwalo pomwepo, ukumenyetsa pakhoma. Ine ndinkakhala pa sitepe n'kumavula nsapato. Ndinkaona fumbi likuuluka padzuwa. Ndinkaona ngati n'zabwino kuti likuthera panja, osati m'nyumba.

Zaka zimenezo tinayenda kwambiri. Loughborough, Coalville, Hinckley, mpaka Melton. Masiling'i amene ndinadula sindinawawerenge. Ndisamunamizire Bwana Ken nkhanza. Sankatukwana. Ndiye anandikakamiza kuti nditenge laisensi, nandipatsa vani yangayanga. Pa Khirisimasi ankabwera yekha ndi nkhukundembo pakhomo pathu. Nayenso ankadula, nthawi zambiri wopanda ngakhale ovololo, ndudu ili pakamwa. Zitsulo za malo otsika ankaitanitsa pokhapokha mwini nyumba akakana kuti siling'i yake idulidwe. Okana anali ochepa. Munthu amafuna kukanikiza batani lero lomwe.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, Evington

Chaka chimenecho analemba munthu wina kuti tiziyenda awiri. Anali a Mwale, bambo wamtali, wamkulu kwa ine. Anabadwira ku Zimbabwe, m'komboni ya pa mgodi, koma bambo awo anali a ku Ntcheu. Chichewa chawo chinali chosakaniza. Ankanditchula achimwene ngakhale anali ndi imvi. Ankayankhula osapuma. Ankati, "Achimwene, inu mawu mumagula pa kilo?" Ine ndinkangoyendetsa. M'vani tinkagwirizana.

Sabata yawo yachitatu tinapita ku Evington, kunyumba ya bambo wina wokalamba wachimwenye. Phewa lake linali litafooka, sankathanso kukweza chitseko, ndipo ankafunika kutulutsa galimoto pafupipafupi kupita ndi mkazi wake kuchipatala. Ndinayeza. Chala chimodzi ndi theka. Ndinavala ovololo, ndinakwera, ndinajambula mizere. A Mwale anagwira makwerero. Masabata awiri oyamba tinali m'nyumba zatsopano zokhazokha, ndiye aka kanali koyamba kundiona ndikudula. Macheka atangolowa m'bolodi, anazima. Ndinayang'ana pansi. A Mwale anali atazula pulagi pakhoma.

"Tsikani, achimwene."

"Chavuta n'chiyani?"

"Tsikani kaye."

Ndinatsika. Anatola kachidutswa kamene kanagwa, napita nako pakhomo powala. Anandionetsa m'mphepete mwake. Munali timaubweya toyera, tating'ono ngati ta chitedze. Sanaseke, ndipo aka kanali koyamba kuwaona osaseka.

"Uyu ndi asibesitosi. Ine ndakulira pa mgodi wake. Mdala wanga anafa atakhala tsonga pa mpando, chifukwa akagona mpweya sunkalowa. Anzake a m'komboni chimodzimodzi, mmodzimmodzi. Sapha lero ayi. Amalowa m'chifuwa n'kukhala phee, zaka makumi awiri, kenako amadzuka. Mwadula angati?"

"Ambiri."

"Maovololo mumataya kuti?"

Ndinayang'ana ovololo imene ndinali nditavala, yopukutidwa ndi bulashi. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana kumbali.

Ndinaimbira Bwana Ken. Anafika chakumasana, nkhope itafiira. Tinayankhulira panja pa msewu. Anati mabolodi amenewo wakhala akudula kuyambira ali mnyamata ndipo akupumabe. Anati asibesitosi woyera alibe vuto, woopsa ndi wamitundu ina. A Mwale anati, "Mdala wanga anafa ndi woyera yemweyo." Bwana Ken anayang'ana ine. Anati zitsulo za njanji ziwiri zitenga masabata asanu ndi limodzi, mwini nyumba akudikira, ndipo ku Hinckley kuli chitseko china cha madzulo. Anamaliza ndi mawu akuti, "Ngati sudula, siya makiyi a vani pa mpando."

A Mwale anali akadali oyesedwa pa ntchito, ndipo anali ndi ana asanu. Anandinong'oneza kuti, "Ine ndanena. Zotsalazo ndi zanu."

Ndinaima pamenepo. Tinali titangolowa kumene m'nyumba ino. Amayi anu ankagwira mashifiti awiri. Ine ndinalibe pepala lililonse la sukulu, ndipo munthu yekhayo amene anandilemba ntchito osafunsa pepala anali uyu. Ndinayang'ana m'galajamo. Pakhoma panali timanjinga tiwiri ta adzukulu a mwini nyumba. Pa chishalo cha kamodzi panali patagwera kale fumbi loyera la macheka anga. Mkulu uja anali ataima pakhomo ndi thireyi ya tiyi, osamva chimene chikuchitika.

Ndinapita kwa iye. Chingerezi changa ndi chachifupi, koma anamva. Ndinati asalole munthu aliyense kudula siling'i imeneyo, atseke galaja, ana asalowemo, aimbire a khonsolo amuuze oyeretsa. Ndinati mota ilowa bwinobwino ndi njanji ziwiri, angodikira. Ndinavula ovololo, a Mwale anaimanga m'thumba la pulasitiki. Makiyi ndinasiya pa mpando. Ndinakwera mabasi awiri kubwerera kunyumba.

Ndinafika dzuwa likadalipo. Amayi anu ndinawapeza pakhomo la kuseri, bulashi ili m'manja, ovololo ya dzulo lake ili pa bondo. Ndinawalanda. Sindinawalandepo chinthu m'manja chikwatirane.

"Mwatani, bambo a Limbani?"

"Zimenezi zatha."

"Nanga vani ili kuti?"

"Ntchito yathanso."

"Chifukwa?"

"Tasemphana ndi bwana."

Ndinathera pomwepo. Za fumbi sindinanene. Ndinadziuza kuti chimene chalowa chalowa, kunena sikungachitulutse, kungowonjezera mantha. Lero ndikuona kuti mantha anali anga. Sutikesi yabuluu sindikanaitaya popanda kufotokoza. Ndinadikira apite ku shifiti, ndinaikulunga m'pulasitiki n'kuikweza m'denga, kuseri kwa thanki ya madzi. Atafunsa ndinati inkadya malo. Sanafunsenso.

Zaka zotsatira

Ndinakhala miyezi inayi osagwira ntchito. M'katimo mkulu wa ku Evington uja anandifunafuna kudzera kwa a Mwale. Anali atayeretsetsa galaja, nagula yekha zitsulo zija. Tinapita Loweruka lina awiri. Tinapachika njanji zonse pa mabulaketi a m'khoma ndi pa chitsulo chopingasa, siling'i osaiboola ngakhale pamodzi. Sipuling'i tinapititsa kumbuyo. Zinatitengera tsiku lonse. Atakanikiza batani, chitseko chinakwera, mutu wake unagona nthawi yomweyo, n'kudutsa pansi pa njanji ya mota osakhudza. A Mwale anati, "Mwaona, achimwene? Zala zanu zitatu zinalipo kalekale, zimangofuna tsiku."

Kenako ndinalowa kampani yaikulu ya cha ku Nottingham. Kumeneko sankalola munthu kugwira chida asanalowe m'kalasi tsiku limodzi. Anationetsa zithunzi za mabolodi, zithunzi za mapapo. Mphunzitsi anati matendawa sagwira wodula yekha, amagwiranso amene amakung'untha ndi kuchapa zovala zake kunyumba. Ine ndinali pa mpando wa kumbuyo. Nthawi ya tiyi sindinatuluke.

Ndinagwira kumeneko zaka khumi ndi zisanu. Magalaja otsika onse ankatumiza ine. Njanji ziwiri ndinkaziika ngakhale nditatsinzina. Ndikapeza bolodi lotuwa ndinkabwerera osatsitsa chida m'vani, ndipo palibe amene ankandiuza za makiyi. Nthawi zina ankanditumiza kukakonza mota yakale, ndikayang'ana m'mwamba n'kupeza ngalande ija. Kadulidwe kanga ndimakadziwa. Ndinkamuuza mwini nyumba chimene chili pamutu pake. Kuti wodulayo ndine sindinkanena.

A Mwale anasiya kwa Bwana Ken chaka chomwe ine ndinasiya, napita kukagwira m'nyumba zosungira katundu ku Corby. Bwana Ken anamwalira patapita zaka khumi ndi ziwiri. Ndinamva kuti chinali chifuwa. Ine ndikangotsokomola ndinkathamangira kwa dokotala mobisa. Ankandijambula n'kunena kuti mulibe kanthu. Mpaka lero mulibe kanthu. Ine amene ndinkaima pansi pa macheka, fumbi likugwera kumaso. Chifukwa chake sindichidziwa.

Chaka chimene amayi anu anadwala

Zinayamba ndi masitepe. Ankafika pakati n'kuima, dzanja lili pakhoma. Kenako kupweteka m'nthiti. Ankati ndi kunyamula okalamba zaka zonsezi. Kuchipatala anapeza madzi m'chifuwa, anawapopa, anabwereranso. Tsiku la zotsatira tinapita atatu. Limbani, iwe unakhala pa mpando wa pafupi ndi chitseko. Dokotala anali mayi wachitsikana, woyankhula pang'onopang'ono. Anatchula dzina la matendawo, lalitali. Kenako anafunsa ngati amayi anu anagwirapo ntchito pamalo a asibesitosi, m'fakitale kapena pomanga nyumba.

Amayi anu anati, "Ayi. Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba."

Dokotala anati, "Nanga wina wa m'nyumba mwanu, amene munkasamala zovala zake za ku ntchito?"

Ndinatsegula pakamwa. Amayi anu anayankha ine ndisanatulutse mawu. Anati, "Ayi." Ndinayang'ana nsapato zanga. Iwe Limbani unali kulemba dzina la matenda m'foni, sunaone kanthu.

Titatuluka unapita kukatenga galimoto. Tinatsala awiri pa benchi ya panja. Kunali mphepo. Ndinawakonzera mpango m'khosi. Anati, "Bambo a Limbani, nkhope imeneyo muisiye. Mukuoneka ngati wodwala ndinu."

Ndinati, "Pali chimene sindinakuuzeni."

"Maovololo? Ndinadziwa kalekale. Kuntchito kwathu ndasamalirapo madala a matenda amenewa. Wina anali wa mapaipi. Mkazi wake, amene ankamuchapira zovala, ndiye anayamba kumwalira. Anandifotokozera zonse ndikumumeta ndevu. Tsiku lomwelo ndinakumbukira nthawi ija munandilanda bulashi."

"Bwanji simunanene?"

"Inu bwanji simunanene?"

Anapuma kwa kanthawi, poti mawu ambiri ankawathera mpweya. Kenako anati, "Anakuuzani kuti muzitaya. Amene anati bweretsani kuno ndi ndani?"

Ndinati, "Wobweretsa ndine."

"Basi, tagawana. Koma ana musawauze ine ndili moyo. Sindifuna azikuyang'anani ndi diso lina pamutu pa bedi langa. Ndikapita muwauze, ndipo musachedwe. Tadala anali kumsana."

Galimoto inafika. Tinakwera. Za zimenezi sitinayankhulenso.

Anakhala miyezi khumi ndi umodzi. Zotsalazo munaziona nokha. Miyezi yomaliza ankagona atakhala tsonga pa mpando wa pabalaza, mapilo atatu kumsana, monga a Mwale ananenera za bambo awo. A Mwale anabwera pamaliro ndi ndodo. Anandigwira dzanja, sananene kalikonse, munthu amene sankatha kukhala chete.

Chaka chino

Anati ndisachedwe. Papita zaka ziwiri. Pamaliro ndinati ndidikire misozi iume. Pa Khirisimasi ndinati ndisawononge tsiku. Tadala atabereka ndinati si nthawi yake. Tsopano mukubwera kudzatsitsa katundu wa m'denga, ndiye nthawi yandithera.

Mverani. Kuseri kwa thanki kuli sutikesi yabuluu yokulungidwa m'pulasitiki. Musaitsegule. Musaikoke, musaipukute. Amuna ako, Tadala, amakonda kuthamangira ntchito, uwauze asakwereko. Mwana asalowe m'nyumba muno tsiku limenelo. Ine ndaimbira kale a khonsolo, andipatsa anthu oti adzaitenge atavala zoyenera. Abwera Lachinayi. Ngati sabwera, m'denga musakwere mpaka atabwera.

Chachiwiri ndi ichi. Aliyense apite kwa dokotala wake akanene kuti ali mwana ankapuma fumbi la asibesitosi pakhomo, lochokera m'zovala za bambo ake. Limbani, unene kuti kuyambira zaka zinayi mpaka khumi. Tadala, unene kuti kuyambira uli khanda mpaka zaka zinayi, ndipo unali pafupi kwambiri. Alembe m'mabuku awo. Mwina mulibe kanthu, monga mwa ine mulibe. Koma mukadzayamba kuima pakati pa masitepe, asadzakuuzeni kuti ndi kutopa.

Dokotala uja anafunsa funso lolunjika, ndipo yankho lake linali inde. Amayi anu anayankha ayi pofuna kunditchinga ine. Musawaimbe mlandu. Ine ndinali ndi pakamwa panga.

Mukamaliza kuwerenga, ngati mukufunabe kubwera Loweruka, bwerani. Ngati simukufuna, ndimva, katundu ndilongedza ndekha. Koma kwa dokotala mupite.